Yankho Ndi Limodzi, a Kamchira

"Tayang'anani kuno, bambo a mwana. Ndikamati 'aphunzitsi anzanga', dzanjali ndilikweze m'mwamba kapena ndiliike pachifuwa?"

Mayi Belu anali ataima pakati pa balaza, supuni yaikulu ili kukamwa ngati chimkuzamawu. Amuna awo, a Kamchira, anali pampando wa pakona akupukuta nsapato zimene zinali zitawala kalekale. Zinali nsapato za pa zochitika zazikulu, ndipo zinali ndi vuto limodzi: zinkalira kwii, kwii, munthu akamayenda.

"Paliponse pali bwino," anayankha osadzutsa mutu.

"Paliponse ndiye pati? Si inu nomwe mumapatsa ana a eni ake ziro akasankha mayankho awiri?"

A Kamchira anaseka mokakamiza. Zinali zoona. Pasukulu ponse panalibe mwana amene sankadziwa lamulo la mphunzitsi wa masamu ameneyu, lakuti yankho ndi limodzi. Mwana akachonga pawiri poyesa mwayi, ankakolola ziro wonenepa. Koma akakhoza, ankalandira tiki imene aliyense ankaisirira. Inkayamba pang'ono pansi, n'kukwera, n'kukapindika kumapeto ngati mchira wa pusi. Dzina loti Kamchira linachokera pamenepo. Ana ochenjera ankayesa kuikopera m'makope mwawo, koma mchirawo unkawakanika.

Akazi awo ankaphunzitsa kalasi yoyamba pasukulu yomweyo. Ahedi ankakonda kunena kuti belu la sukulu litabedwa sangadandaule, popeza mawu a mayi ameneyu ankamveka mpaka kuseri kwa zimbudzi. Dzina lawo nalo linabadwa choncho.

Mawa lake kunali chisankho cha bungwe la aphunzitsi m'dera lonselo, ndipo Mayi Belu ankapikisana nawo pa mpando waukulu. Izi pazokha sizikanasowetsa munthu njala ya chakudya. Vuto linali lakuti wopikisana naye sanali mlendo. Anali a Tikambirana, mkulu wawo wa a Kamchira, bere limodzi.

Makolo atamwalira, a Tikambirana ndi amene analera mng'ono wawoyo. Ankamukweza pa kaliyala ya njinga kupita naye kusukulu, anamuphunzitsa kumanga tayi, ndipo tsiku loyamba kuima pabolodi anamuperekeza mpaka pakhomo la kalasi. Pampando wa bungwe anakhalapo nthawi yaitali moti aphunzitsi achinyamata ankayesa kuti anabadwira pomwepo. Sanali munthu woipa, ayi. Mphunzitsi akamwalira, iwo ankafika oyamba n'kuchoka omaliza. Kungoti dandaulo lililonse ankalilandira ndi manja awiri, n'kugwedeza mutu mwachifundo, n'kunena kuti, "Tikambirana." Akatero, nkhaniyo inkafunda bulangete n'kugona.

Chimwalirireni akazi awo, Lamlungu lililonse masana ankadzadya kwa mng'ono wawo. Anali ndi mpando wawowawo pafupi ndi zenera, ndi kapu yawoyawo ya chogwirira chomata. Ndipo nkhondo yonseyi inayambira pa tebulo lomwelo.

"Alamu, mtsikana uja wophunzitsa kalasi yachiwiri amusamutsira kutali," anatero Mayi Belu Lamlungu lina. "Khanda lili kumsana, mwamuna wake ntchito ili konkuno. Bungwe likuti bwanji?"

"Tikambirana, mlamu."

Teremu inatha. Mtsikanayo anakwera galimoto ya katundu akulira, mabeseni ndi matiresi zili pamwamba. Mayi Belu anafunsanso.

"Mlamu, zinthu izi n'zovuta kuposa mmene mukuzionera," anatero a Tikambirana akupukuta pakamwa. "Chalaka bakha nkhuku singatole."

"Ndiye bakhayo asunthe pang'ono, nkhuku iyeseko."

Onse anaseka, ngakhale a Kamchira. Koma Lolemba lake Mayi Belu anakalembetsa dzina, ndipo kuseka kwa a Kamchira kunathera pomwepo. Anthu awiriwa ankawakonda, ndiponso ankawaopa. Akaganiza zovotera akazi awo, ankaona mpando wa pazenera uli wopanda munthu. Akaganiza zovotera achimwene awo, ankaona akazi awo akuwapatsa moni ngati mlendo m'nyumba yawo yomwe.

Tsono madzulo a Lachisanu amenewa Mayi Belu anatsitsa supuni ija n'kuwayang'ana amuna awo.

"Nsapatozo zibooka. Tandiuzani, inuyo voti yanu ili kuti?"

"Aa, mayi a mwana, n'kufunsanso? Voti yanga mukuidziwa kale."

Mayi Belu anamwetulira mpaka m'maso. Asanayankhe, belu la njinga linalira panja. Anali a Tikambirana, jekete ili pa handulo, akuchokera kokopa anthu m'masukulu akutali. Sanalowe. Anakodola mng'ono wawo kuti abwere pageti.

"Iwe, mawa ndi mawa," ananong'ona. "Mlamu ndi munthu wabwino, koma mpando uwu ndi wa minga, umubaya. Komanso usaiwale, chibale ndi fupa, sichiola."

"Achimwene, n'kunenanso? Voti yanga mukuidziwa kale."

A Tikambirana anamusisita paphewa monga ankachitira kale akakhoza mayeso.

"Alamu!" anafuula Mayi Belu pazenera. "Lowani mudzamwe tiyi wotsiriza mukadali wapampando!"

"Musungeni, mlamu! Mudzamwa mawa potonthoza mtima!"

Njinga itapita, a Kamchira anabwerera m'nyumba akudziyamikira. Sananame kwa wina aliyense. Ananena mawu amodzi okhaokha, aliyense n'kumva zake. Ndiponso voti ndi yachinsinsi: munthu umalowa wekha, umatuluka wekha, pepala silinena dzina la mwini wake. Tsiku limenelo anadya n'kuonjezera.

Loweruka m'mawa holo ya sukulu yaikulu inadzaza. Aphunzitsi anakhala pa madesiki a ana, maondo ali m'zibwano. Ena anabwera ndi milu ya makope kuti azichonga podikira, chifukwa mphunzitsi saona mpata n'kuusiya. M'thumba la malaya la aliyense munali bolopeni yofiira.

Woyendetsa chisankho anali mkulu wina wadazi, mphunzitsi wopuma ntchito, amene likulu la bungwe linamutuma. Anayamba wapereka mwayi kwa opikisana. A Tikambirana analankhula bwino ndithu, kuyambira pamene bungwe linalibe ngakhale chidindo, n'kumatchula maliro onse amene anayendetsa. "Mutu umodzi susenza denga," anatero pomaliza. "N'chifukwa chake ine ndimati tikambirana." Anthu anaomba m'manja mwaulemu, makamaka a imvi.

Mayi Belu ataimirira, chimkuzamawu chinazima. Mnzawo wina anathamanga kuti akagwiregwire mawaya.

"Chisiyeni chipume," anatero Mayi Belu, mawu n'kugunda khoma lakumbuyo. "Aphunzitsi anzanga, ine ndimaphunzitsa tiana tosadziwa ngakhale kupukuta mamina. Kamwana kakaimika dzanja n'kunena kuti, 'Madamu, ndikufuna kukataya madzi,' sindikayankha kuti tikambirana. Ndikatero, nonse mukudziwa chimene chimachitika, ndipo wokolopa ndi ine ndemwe."

Holo inagwa nacho chiseko. Ngakhale a Tikambirana anaseka mpaka kuvula magalasi, akumuloza mlamu wawo ndi chala. Mayi Belu anatchula za mtsikana wosamutsidwa uja, za nyumba zodontha, za anthu okalambira pa giredi imodzi, n'kukhala pansi dzanja lili pachifuwa.

Kenaka mkulu wadazi anakweza pepala lovotera.

"Tamverani. Pali maina awiri, ndi timabokosi tiwiri. Chongani m'kabokosi kamodzi kokha. Musalembe china chilichonse. Mwamva?"

"Tamvaaa!" inayankha holo yonse ngati ana a kalasi yoyamba.

Koma amene anakhalapo pa msonkhano wa aphunzitsi akudziwa. Anthu amene amatha tsiku lonse akukalipira ana kuti aziwerenga malangizo ndi omwe samva malangizo. Pamene mkuluyo ankalankhula, wina ankachonga makope, wina ankafunsa mnzake za tchuthi, wina ankasaka chivindikiro cha bolopeni pansi pa desiki.

Povotera panali kuseri kwa bolodi loimika pakona. Nthawi ya a Kamchira itakwana, nsapato zinalira kwii, kwii, mpaka kuseriko. Anayala pepala, n'kutulutsa bolopeni yofiira. Kunena zoona, yankho ankalidziwa. Analidziwa kuyambira tsiku limene anathandiza kukweza matiresi a mtsikana uja m'galimoto. Dzanja linapita lokha pa dzina la akazi awo, tiki n'kukwera, mchira n'kupindika.

Akanapinda pepalalo nthawi yomweyo, bwenzi nkhani ino palibe. Koma maso awo anagwera pa kabokosi kenako. Kanali mbee, kopanda kanthu, pafupi ndi dzina la munthu amene ankapalasa njinga pachitunda thukuta lili kamukamu, iwo ali phee pa kaliyala. Chifundo chinawagwira. Anayang'ana uku ndi uku, n'kuchonganso pamenepo. Anapinda pepalalo kangapo mpaka linachepa ngati piritsi, n'kuliponya m'bokosi. Anatuluka mtima uli myaa, akuganiza kuti sanalakwire munthu.

Kuvota kutatha, mkulu wadazi anakhuthula bokosi patebulo.

"Kuti pasapezeke wonena kuti tabera, pepala lililonse ndizilikweza m'mwamba, aliyense azidzionera yekha."

A Kamchira anadzilimbitsa mtima. Pepala silinena dzina la mwini wake.

Loyamba linali labwino. Lachiwiri linali ndi tiki pa dzina limodzi, koma pa linalo panali pothetha, mtanda waukulu wofiira.

"Loonongeka," anatero mkuluyo.

Lachitatu chimodzimodzi. Lachinayi linali ndi tiki, pansi pake n'kulembapo kuti, "Zabwino kwambiri, pitirizani." Lina linali ndi mawu akuti, "Onjezerani khama," pafupi ndi dzina la a Tikambirana. Wina anapereka malikisi kwa onse awiri. Wina anathetha dzina limodzi n'kulemba kuti, "Mundipeze ku ofesi." Ndipo wina, munthu wa dongosolo, anachonga bwinobwino, kenaka n'kusayina, n'kuika deti.

Pepala lililonse likakwezedwa, anthu ankafa nazo nthiti, makamaka eni ake, amene ankaseka mokweza kuposa onse kuti asadziwike. Mkulu wadazi anavula magalasi n'kupukuta dazi lake ndi mpango.

"Ine ndaphunzitsa mpaka tsitsi kutha," anatero, "koma kalasi yogontha ngati ino sindinaionepo. Ndinati chiyani ine?"

"Bwana, musatikalipire," anatero mayi wina wa sayansi. "Pepala loyera, bolopeni yofiira, yankho lokhoza lili apa, lolakwa lili apo. Mumati dzanja litani? Limangopita lokha!"

Mkuluyo anapukusa mutu n'kutola kapepala kopindidwa ngati piritsi. Anakafunyulula pang'onopang'ono, n'kukakweza m'mwamba.

Holo inati zii. Papepalapo panalibe mawu, panalibe siginecha, panalibe deti. Panali matiki awiri okha, okongola, aliyense ndi mchira wake wopindika.

"Mchira uwo!" anakuwa mphunzitsi wa masewero kumbuyo. "Anthuni, michira iwiri!"

Panalibe amene anafunsa kuti ndi ya yani. Tiki imeneyo anali ataiona m'makope a ana awo, m'mapepala a mayeso a dera lonse, ngakhale pa makalendala a m'chipinda cha aphunzitsi. Mitu yonse inatembenukira kumodzi.

"Yankho ndi limodzi, a Kamchira!" wina anayambitsa.

"Yankho ndi limodziii!" holo inavomera, ena akumenya madesiki. "Ziro! Apatseni ziro!"

A Kamchira analakalaka pansi patang'ambika kuti alowe. Anaweramitsa mutu n'kumayang'ana nsapato zawo zowala. Atadzutsa maso pang'ono, anaona kuti m'holo monse munali anthu awiri okha amene sankaseka. Mmodzi anakhala kumanja kwa tebulo, wina kumanzere.

Kuwerenga kutatha, mulu wa mapepala oonongeka unali wautali kuposa milu iwiri yabwino ija kuiphatikiza. Mkulu wadazi anati chisankho chotere sangapite nacho kulikulu, angamuseke. Mapepala ena panalibe, ndipo anthu ochokera kutali anali atayamba kuyang'ana dzuwa. Atakambirana, anagwirizana zoti apite pabwalo la mpira. Opikisana akaima moyang'ana khoma la holo, ndipo aliyense akaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna.

"Kumeneko kulibe bolopeni," anatero mkuluyo. "Tione ngati miyendo nayo ilemba ndemanga. Kamweni madzi kaye."

A Kamchira anawapeza akazi awo pampopi, akusamba m'manja mosafulumira.

"Mayi a mwana..."

"Ndikumva."

"Ine sindinafune kukhumudwitsa munthu."

Mayi Belu anatseka mpopi. Kwa nthawi yoyamba chikwatiranireni, analankhula motsitsa mawu, ndipo a Kamchira anaona kuti kukuwa kuja kunali bwino.

"Dzulo ndinali pazenera. Ndinamva mukuwauza alamu mawu omwe aja munandiuza ine. Ndinati mumtima, mmodzi wa ife akunamizidwa, koma si ine. Sindinadziwe kuti ndi tonse awiri."

"Koma ndinayamba kuchonga inu..."

"Ndiye ndivine? Mukanandiuza poyera kuti achimwene anu anakulerani, simungawasiye, ndikanakwiya lero, mawa n'kukuphikirani. Voti imodzi si imene yandiwawa. Chandiwawa n'choti ndinaima kutsogolo kuja ndikuyesa kuti ndili ndi munthu kumbuyo kwanga." Anapukuta manja pa siketi. "Mapanga awiri avumbwitsa, bambo a mwana. Pitani mukaime kumene mtima wanu uli. Kaya ndi kwa ine, kaya ndi kwa alamu. Koma mukaime."

Anawasiya pomwepo, mpopi ukudontha.

Pabwalo zinthu zinayenda mwachangu. Opikisana awiri anaima motalikirana, nkhope zili kukhoma. Mkulu wadazi anaimba wezulo wobwereka kwa mphunzitsi wa masewero, anthu n'kuyamba kuthamangira m'mizere, akukankhana ndi kusekana ngati ana pa nthawi yopuma. Ena ankabisa nkhope ndi makope podutsa anzawo. Posakhalitsa fumbi linakhazikika. Mizere iwiri inaima, ndipo pakati pake panatsala munthu mmodzi, tayi ili pamalo pake, manja ali lende.

"Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi anagwa chagada!" anakuwa wa masewero uja.

"Ikani mwendo umodzi uku, wina uko!" anatero wina.

"Aphunzitsi, nthawi," anatero mkulu wadazi. "Mukusankha kapena ndikulembeni kuti simunabwere?"

A Kamchira anayang'ana mizere yonse iwiri. Kenaka anayamba kuyenda, kwii, kwii, kulowera ku mzere wa achimwene awo. A mzere umenewo anaomba m'manja. A mzere winawo anati, "Aaa!" Mayi Belu sanatembenuke, koma nsapato zimenezo ankazidziwa, ndipo anazimva zikupita kutali. Mapewa awo anauma.

Koma a Kamchira sanaime kumapeto kwa mzere. Anaudutsa wonse mpaka kutsogolo, n'kukaima pafupi ndi msana wa a Tikambirana. Anagwira manja kumbuyo ngati mwana woitanidwa ku ofesi ya ahedi.

"Achimwene."

A Tikambirana sanatembenuke.

"Achimwene, dzulo ndinakunamizani. Ndabwera kuti mumve kwa ine, osati kwa anthu. Munandilera, ndipo zimenezo sindidzaiwala mpaka kufa. Koma ntchito iyi mlamu wanu aigwira bwino kuposa inu. Ndikukaima uko."

Mawu anatuluka onjenjemera, koma anatuluka onse. Amene anali pafupi anasiya kuseka. A Tikambirana anangoti duu kuyang'ana khoma. A Kamchira anadikira pang'ono.

Anatembenuka n'kudutsa bwalo lonse okha, dzuwa likuwaotcha pamutu. Kwii, kwii, kwii. Mayi Belu anazimva nsapato zija zikubwerera, zikuyandikira, zikudutsa, mpaka zinakasiya kulira kumapeto kwa mzere wawo. Amene anaima pambuyo pawo penipeni anati anawaona akupukuta m'maso ndi chala, koma iwo mpaka lero amati linali fumbi.

Kuwerenga sikunavute. Mzere wa Mayi Belu unali utakhota mpaka kukazungulira golo. Voti imene inamuwondetsa munthu wamkulu teremu yonse, bungwe silinaimve n'komwe kulemera kwake. Akanaima uku kapena uko, wopambana anali yemweyo.

Amayi anaimba nthungululu, achinyamata n'kumunyamula wapampando watsopano, iye akukuwa kuti amutsitse asanamugwetse. A Tikambirana anabwera mwaulemu, anagwira dzanja la mlamu wawo ndi manja awiri, n'kumupatsa chidindo cha bungwe ndi kiyi wa kabati.

"Nkhuku yatola," anatero akumwetulira.

Kenaka anakwera njinga yawo n'kumapita. Mng'ono wawo, amene anaima pafupi ndi geti, sanamuyang'ane.

Lamlungu masana Mayi Belu anaphika monga mwa nthawi zonse. Mpunga unapsa, nkhuku inapsa, tebulo linayalidwa. A Kamchira anatsuka okha kapu ya chogwirira chomata ija n'kuiika pamalo pake. Nthawi imene njinga inkafika inakwana, n'kudutsa. Anatuluka kukayang'ana pageti, n'kubwerera. Anatulukanso ngati akukaona nkhuku za m'khola, chonsecho maso ali kumsewu.

"Tidye, chakudya chizizira," anatero potsiriza, mawu ali ofooka.

"Tidikire pang'ono," anatero Mayi Belu. Nawonso chisangalalo cha dzulo chinali chitawathera. Mpando wa bungwe anaufuna, koma sanafune kuugula ndi mpando wa pazenerawo.

Aliyense ankangoyang'ana mbale yake. Ntchentche imodzi inazungulira tebulo popanda woithamangitsa. A Kamchira anali atayamba kuganiza mawu oti akanene kwa achimwene awo, ndi munthu wamkulu woti awaperekeze, pamene belu la njinga linalira panja.

A Tikambirana anaima pakhomo atavala jekete ndi tayi, chipewa chili m'manja.

"Odi, a wapampando."

"Lowani, alamu. Mwayamba liti kuodira m'nyumba muno?"

"Lero sindinabwere ngati mlamu. Ndabwera ngati membala wamba, ndili ndi dandaulo." Anakhosomola. "Nyumba imene sukulu inandipatsa ikudontha. Mvula ikamagwa ndimagona ndi beseni pamimba."

"Yayamba liti?"

"Kalekale."

"Nanga wapampando wakale munamuuza?"

"Ndinamuuza. Anati tikambirana."

Mayi Belu analuma mlomo kuti asaseke. Anakhala tsonga, anapinda manja patebulo, n'kugwedeza mutu mwachifundo.

"Tikambirana, alamu."

A Tikambirana anatsegula pakamwa.

"Mawa m'mawa, belu loyamba lisanalire," anapitiriza Mayi Belu. "Tikachoka pamenepo mundiperekeze ku maofesi pa nkhani ya mtsikana uja. Zitseko zonse mukuzidziwa ndinu. Inu muzigogoda, ine ndizilankhula."

"Ndiye agonthe okha kumeneko," anatero a Tikambirana, ndipo chiseko chimene anachimanga kuyambira pageti chinawapulumuka.

Anakoleka jekete pa msomali wake n'kukhala pampando wa pazenera. Kenaka anatembenukira kwa mng'ono wawo, amene anali ataima chiimire pafupi ndi kabati.

"Iwe."

"Achimwene."

"Dzulo ndinapita ndili wokwiya. Michira iwiri ija inandichititsa manyazi. Ndinati, kodi ndinapalasira njinga munthu wamantha chonchi? Koma uja anabwera kumbuyo kwanga pabwalo, amene uja ndiye mwana amene ndinalera." Anatembenuza kapu yawo patebulo. "Usaganize kuti sizinawawe. Zinawawa, ndipo zikuwawabe."

"Ndamva, achimwene."

"Wamva chiyani? Thira tiyi, ukufuna ndife ndi ludzu?"

A Kamchira ananyamula ketulo ndi manja awiri. Pothira, tiyi wina anatayikira pa nsalu yoyera ya patebulo. Mayi Belu, amene tsiku lina akanamveka mpaka kumsewu, anangosuntha mbale n'kuphimbapo.